Katchulidwe ka kwanu si kulankhulira m'mphuno

Pali anthu atatu amene timawanenera mawu amodzimodzi. Woyamba ndi munthu amene wagwidwa ndi chimfine, mphuno zatseka, akupumira kukamwa. Timati akulankhulira m'mphuno. Wachiwiri ndi mwana amene anabadwa kumwamba kwa m'kamwa kuli kong'ambika, woti akamati "buku" ife timamva ngati "muku". Nayenso timati amalankhulira m'mphuno. Wachitatu ndi uja wakhalitsa kunja, Chingelezi chake chikuterera mosiyana ndi chathu. Ameneyo timati amalankhula chizungu cha m'mphuno. Mawu ndi amodzi, koma zochitika m'kamwa mwa anthu atatuwa n'zosiyana kutalitali. Woyambayo mpweya sukudutsa m'mphuno n'komwe. Wachiwiriyo ukudutsa wambiri kuposa muyeso. Wachitatuyo mphuno yake ilibe mlandu.

Kusakaniza mayinaku kumandipweteka mtima, chifukwa kumalakwira anthu mbali ziwiri. Munthu wolankhula bwinobwino monga amalankhulira kwawo timamuona ngati ali ndi chilema. Mwana amene thupi lake likufunadi dokotala timamusiya, n'kumati ndi mmene amalankhulira basi.

Chichewa chenichenicho chinasiyanitsa kale zinthu ziwirizi, tikayang'anitsitsa mmene mawuwo anapangidwira. Katchulidwe ndi kalankhulidwe ali m'gulu limodzi ndi kayendedwe, kavalidwe, kasekedwe. Mawu oyamba ndi ka- n'kuthera ndi -idwe kapena -edwe amanena za mmene chinthu chimachitikira, ndipo palibe munthu woyenda amene alibe kayendedwe. Chimodzimodzinso palibe wolankhula amene alibe katchulidwe. Koma kulankhulira m'mphuno kuli m'gulu la kumwera m'kapu, kulowera pazenera, kutulukira kukhomo la kuseri. Kamphatikiza kaja -ir- kapena -er- kakuloza malo kapena njira. Mawu oyambawo akufunsa kuti munthuyu anaphunzira kulankhula pakati pa ayani. Achiwiriwo akufunsa kuti mpweya wake ukudutsa pati.

Tiyambe ndi njira ya mpweyayo, chifukwa ndi imene ambiri sitinaiganizirepo. Mpweya umachokera m'mapapo n'kudutsa pakholingo, pamene pali timinofu tiwiri timene timanjenjemera n'kutulutsa liwu. Ukapitirira pamenepo umafika pamphambano: njira ina ikulowa m'kamwa, ina ikukwera m'mphuno. Tayendetsani nsonga ya lilime kumwamba kwa m'kamwa, kuyambira kuseri kwa mano n'kumabwerera m'mbuyo. Poyamba mukhudza polimba, pafupa. Mukapitiriza, fupalo limatha ndipo pamayamba pofewa. Mbali yofewayo, imene kumapeto kwake kumalendewera kanyama kaja timakaona tikayasama pagalasi, ndiyo chitseko cha pamphambano paja. Ikakwera n'kukagunda kumbuyo kwa mmero, njira ya m'mphuno imatsekeka ndipo mpweya wonse umatulukira kukamwa. Ikatsika, mpweya umalowa m'mphuno. Tikamapuma chitsekochi chimakhala chotsegula. Tikamameza chimatseka, n'chifukwa chake madzi satulukira m'mphuno. Tikamalankhula chimatseka ndi kutsegula kangapo pa sekondi imodzi, eniakefe osadziwa.

M'Chichewa muli maliwu anayi amene amafuna kuti chitsekocho chitsegule: m wa mu mano, n wa mu nena, ny wa mu nyumba, ndi ng' wa mu ng'ona. Taonani mmene m amafananira ndi b. Onse awiri amatchulidwa milomo itatsekana. Chachikulu chowasiyanitsa n'chakuti pa m mpweya umapeza potulukira m'mphuno, pamene pa b umatsekeredwa mpaka milomo itatseguka. Ndi mmenenso n alili ndi d. Choncho kumera ndi kubera, kapena nona ndi dona, akusiyanitsidwa ndi kanyama kamene sitikaona n'komwe. M'mawu ngati mbale, ndodo ndi ngoma ntchito yake ndi yodabwitsa kwambiri, chifukwa chitseko chimayamba chotsegula n'kutseka pakati pa phatikizo lomwelo, milomo kapena lilime zisanasunthe.

Mutha kuyesa nokha pompano. Tsinani mphuno ndi zala n'kunena kuti "Atate apita kukasaka." Chiganizochi chilibe liwu la m'mphuno ngakhale limodzi, ndipo ngati chitseko chanu chikutseka bwino, mawu atuluka pafupifupi chimodzimodzi, kaya mwatsina kaya simunatsine. Tsopano, mphuno ili chitsinire, nenani kuti "Amama amanena mawu omwewo." Mumva kunjenjemera pazala, mawu akukanika kutuluka, amama akusanduka ngati ababa.

Izi ndi zimene zimachitika pa chimfine. M'kati mwa mphuno mwatupa, mamina adzaza, ndiye m, n, ny ndi ng' akusowa podutsa. Mano amamveka ngati bado. Munthuyo tikumunena kuti akulankhulira m'mphuno, chonsecho vuto lake ndi loti akulephera kulankhulira m'mphuno pamene akuyenera kutero. Si Achewa okha amene amatembenuza nkhaniyi. Afalansa nawo amati munthu wa chimfine akulankhulira m'mphuno, "parler du nez". Zikuoneka kuti khutu limazindikira kuti vuto lili kumphuno, koma silidziwa ngati njirayo yatseka kapena yatsegukiratu. Chimfine chimatha pakapita masiku. Koma pali ana ena amene mawu awo amakhala choncho chaka chonse. Amagona kukamwa kuli yasa, amaliza mkonono, ndipo nthawi zambiri chimakhala chifukwa cha tinyama ta kuseri kwa mphuno, timene madokotala amati adenoids, tikakula kwambiri n'kutchinga njira. Kwa akuluakulu kungakhale kutupa kosatha kwa m'mphuno, zomera m'mphuno, kapena kupindika kwa kakhoma kolekanitsa mabowo awiri aja.

Vuto linalo ndi lotembenuza la limeneli, ndipo ndilo lalikulu. Apa chitseko chikulephera kutseka. Maliwu ambiri, monga p, b, t, d, k, s, ts ndi ch, amafuna kuti mpweya uyambe waunjikana m'kamwa kenako uphulike kapena ufinyike potuluka. Ngati kumbuyo kuli mpata, zimakhala ngati kupopa mpira wobooka. Mphamvu imathera m'mphuno, b amafooka n'kumveka ngati m, d ngati n, ndipo pa s umamva kampweya kakutuluka m'mphuno kuti fwee. Malembo a liwu nawo amamveka ngati akuchokera m'chipanda. Mwana wotere akanena "Atate apita kukasaka" mutamutsina mphuno, mawu amasintha kwambiri, kusonyeza kuti mpweya umathawira kumene sukuyenera. Njira ina ndi ya galasi. Ikani kagalasi kozizira kunsi kwa mphuno pamene akunena chiganizo chopanda m ndi n. Galasi likachita nthunzi, ndiye kuti chitseko chikudontha. Kuzipatala zina kuli makina okhala ndi timaikolofoni tiwiri, kena kumphuno kena kukamwa, oyeza kuti liwu likutuluka lochuluka bwanji mbali iliyonse, koma mfundo yake ndi yomweyi ya galasi.

Chimene chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi kubadwa kumwamba kwa m'kamwa kuli kong'ambika. Mbali ziwiri za kumwambako zimayenera kukumana n'kulumikizana mwana ali m'mimba, m'miyezi itatu yoyambirira. Zikapanda kulumikizana pamatsala mpata, nthawi zina pamodzi ndi mlomo wong'ambika, nthawi zina mlomo uli bwinobwino. Si ufiti, ndipo si chilango kwa mayi. Mlomo wong'ambika umaoneka tsiku lobadwa lomwelo, koma mpata wa m'kati ukhoza kubisala. Pali mtundu wina woti khungu la pamwamba ndi lolumikizana bwino, koma minofu ya pansi pake sinakumane. Mukayang'ana m'kamwa simuona bowo, mwina mungoona kuti kanyama kolendewera kaja ndi kogawikana pawiri. Khanda lotere limavutika kuyamwa, mkaka umabwerera m'mphuno, ndipo likamakula limadwaladwala makutu. Madokotala amakonda kusoka mpata wa m'kamwa mwana asanapitirire chaka ndi theka, asanazolowere kulankhula ndi chitseko chosatseka. Chifukwa chake n'chomveka. Mwana ndi wanzeru, akaona kuti p ndi k sakutuluka amapeza njira yake, amayamba kudula mpweya pakholingo m'malo mwa pamilomo kapena palilime. Chizolowezi chimenecho chikakhazikika sichichoka ndi opaleshoni yokha, chimafunanso katswiri wophunzitsa kalankhulidwe. Komabe ngakhale wamkulu amene sanasokedwe ali mwana akhoza kuthandizidwa.

Munthu wamkulu amene ankalankhula bwino n'kuyamba mwadzidzidzi kutulutsa mawu m'mphuno, madzi n'kumabwerera m'mphuno akamamwa, ameneyo asachedwe kunyumba. Sitiroko ndi matenda ena a mitsempha ndi minofu amafoola chitseko chija monga amafoolera mkono kapena mwendo. Anthu amene anabadwa osamva nawonso mawu awo amamveka a m'mphuno nthawi zambiri, ngakhale m'kamwa mwawo muli bwinobwino. Chitsekocho sichioneka ndi maso ngati milomo, ndiye munthu amachiphunzira ndi khutu. Khutu likapanda kumuuza, sadziwa kuti chatsala chotsegula.

Zonsezi ndi nkhani za thupi la munthu mmodzi. Mwana wong'ambika m'kamwa wa ku Lilongwe, wa ku Lagos ndi wa ku Tokyo ali ndi vuto limodzi, ndipo abale awo a bere limodzi nthawi zambiri alibe. Katchulidwe ka kudera sikatero. Kameneko ndi ka gulu. Mudzi wonse, chigawo chonse chimatchula mofanana, ndipo mwana wobadwira kwina akaleredwa pakati pawo amatenga katchulidwe kawo, osati ka makolo omubereka.

Zitsanzo zili m'kamwa mwathu momwemu. Ena amati kulankhula, ena kuyankhula. Ena amati kubzala, ena kubyala, ena kudzala. Fupa ndi vuto kwa ena ndi pfupa ndi bvuto, ndipo m'mabuku akale a Chinyanja mupeza akulemba choncho. Liwu lija la ŵ, la m'dzina loti Malaŵi, alipo amene amalitchulabe momveka, pamene ambiri analisandutsa w wamba. Ngakhale chiwalo tikukambachi ena amati mphuno, ena mfuno. Munthu amene chinenero chake choyamba ndi Chitumbuka, kumene dzina ndi zina ndipo dzuwa ndi zuŵa, akamalankhula Chichewa dz wake amapepuka. Amene anayamba ndi Chiyao akhoza kunena sikomo m'malo mwa zikomo. Palibe chong'ambika, palibe chotupa. Lilime likungotsata njira imene linazolowera.

Apa ndi bwino kulekanitsanso katchulidwe ndi kalankhulidwe, chifukwa kachiwirika n'kotambalala. Katchulidwe ndi maliwu okha: mmene munthu amatchulira malembo, mmene amakwezera ndi kutsitsa mawu, pamene amakoka ndi pamene amadula. Kalankhulidwe ka dera kamaphatikizapo mawu enieniwo ndi kamangidwe ka ziganizo. Wa ku Lusaka akati manje pamene wa ku Malawi akuti tsopano, kumeneko si kutchula mosiyana, ndi mawu ena. Ndipo kukweza ndi kutsitsa mawu kuja si nkhani yaing'ono m'Chichewa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timalemba mofanana, chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso, koma khutu la mwini chinenero limasiyanitsa. Mlendo akhoza kutchula lembo lililonse molondola, koma akaphonya kakwezedwe kameneka timadziwa nthawi yomweyo kuti anaphunzira Chichewa atakula.

Nanga n'chifukwa chiyani katchulidwe kamakanirira chotere? Chifukwa kamayamba munthu asanatchule mawu ndi amodzi omwe. Mu 1984 akatswiri awiri a ku Canada, Janet Werker ndi Richard Tees, anaonetsa kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 amatha kusiyanitsa maliwu a zinenero zimene sanazimvepo, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri amakhala atasiya. Khutu limasankha maliwu a anthu olizungulira, enawo n'kuwaunjika pamodzi. Kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi. Malamulo a kalembedwe amati tilembe r pamene liwulo likutsatira i kapena e, monga mu kulira ndi kulera, koma mutati kulila palibe angaganize kuti mwanena zina. M'Chingelezi maliwu awiriwa amasiyanitsa matanthauzo, ndiye Mchewa akamawasakaniza anthu amaseka. Ajapani amasekedwa pa chifukwa chomwechi. Mzungu naye amalephera kumva kusiyana kwa kupala ndi kuphala, kapena kuyamba mawu ndi ng' ngati mu ng'ombe, ngakhale liwulo lili m'chinenero chake kumapeto kwa mawu.

Katchulidwe kamene timati kolondola kamakhala kosankhidwa ndi anthu. Mu 1968 boma la Malawi linasankha Chichewa kukhala chinenero cha dziko, ndipo dzina loti Chichewa linalowa m'malo mwa Chinyanja. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board loyang'anira malamulo ake. Zimenezi zinathandiza kuti mabuku ndi wailesi zikhale ndi muyeso umodzi, koma sizinasandutse Mmang'anja wa kuchigwa cha Shire kapena Mnyanja wa ku Likoma kukhala wolankhula molakwika. Ndipo mbiri imatichenjeza za kumene kunyoza katchulidwe kumafikitsa. Buku la Oweruza, mutu 12, limasimba za Agileadi amene anatchinga madooko a Yorodano n'kumauza aliyense wowoloka kuti anene Shiboleti. Aefraimu ankati Siboleti, ndipo liwu limodzi limenelo linaphetsa anthu 42,000. Petro nayenso, usiku umene anakana Yesu, anamuzindikira ndi kalankhulidwe kuti ndi Mgalileya.

Tibwerere ku chizungu cha m'mphuno chija. Mukawerenga bwino, Chingelezi chili ndi maliwu a m'mphuno atatu okha, pamene Chichewa chili ndi anayi, kuphatikizaponso mb, nd, ng, nj, mph, nth, nkh ndi anzawo amene adzaza m'mawu athu. Tanenani kuti "Ndinkanena ndi mwana wanga m'nyumba" mutagwira mphuno, muone amene amagwiritsa ntchito mphuno kwambiri. Chimene khutu lathu limamva m'Chingelezi cha eniake ndi china. Ife tili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, omveka bwino nthawi zonse, ndipo mawu athu amathera pa lembo la liwu. Chingelezi cha ku England chili ndi maliwu otere pafupifupi 20, ambiri a iwo ali pakatikati pa athuwa. Maphatikizo osatsindika amamezedwa, kukamwa sikutseguka kwambiri, mawu amathera pa malembo opanda liwu ounjikana. Zonsezo kwa ife zimamveka ngati mawu sakutuluka poyera, ndiye timaloza mphuno.

Chizolowezi choloza mphuno ya mlendo chili ponseponse. Liwu la Chingelezi loti twang poyamba linkatanthauza kulira kwa chingwe cha uta, kenako linayamba kutanthauza mawu a m'mphuno, ndipo lero amaligwiritsanso ntchito ponena katchulidwe ka dera, monga ka kumwera kwa America. Koma akatswiri a mawu anapeza kuti kuthwa kumene kumamveka m'mawu oterowo kumachokera makamaka pa kupanikiza malo a pamwamba pa kholingo, ndipo woimba akhoza kukutulutsa njira ya m'mphuno ili chitsekere. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa koposa ndi cha Arotokas a pachilumba cha Bougainville ku Papua New Guinea. Kalankhulidwe ka kudera la pakati ka chinenero chawo n'kotchuka chifukwa kali ndi maliwu ochepa zedi, ndipo m ndi n sasiyanitsa tanthauzo la mawu. Amene anachifufuza analemba kuti maliwu a m'mphuno amamveka makamaka pamene mwini chinenero akutsanzira mlendo amene akuyesa kulankhula Chirotokas. Kwa iwowo, tonsefe ndife olankhulira m'mphuno.

Pali malo amodzi pamene zinthu ziwirizi zimakumanadi. Zinenero zina zimatsegula dala chitseko chija potchula malembo a liwu, ndipo kutero kumasintha tanthauzo. M'Chifalansa beau ndi chokongola pamene bon ndi chabwino. M'Chipwitikizi pau ndi ndodo pamene pão ndi buledi, ndipo kachizindikiro kopindika kaja ka pamwamba pa a, ngati mu São Paulo, kakuuza wowerenga kuti alole mpweya udutse m'mphuno. Chiyoruba ndi Chihindi nazo zili ndi maliwu otere. Mfalansa akamalankhula Chichewa akhoza kubweretsa chizolowezi chimenechi, ndipo pamenepo kunena kuti katchulidwe kake kali ndi za m'mphuno n'zoona. Koma iye chitseko chake chili m'manja mwake. Amachitsegula pamene chinenero chake chikufuna, n'kuchitseka kuti gwa potchula p, t ndi k. Mwana wong'ambika m'kamwa sangathe kuchitseka ngakhale atafunitsitsa.

Nthawi zina zimatembenukanso, vuto la m'thupi n'kumveka ngati katchulidwe ka kwina. Mu 1941 mayi wina wa ku Norway anavulala m'mutu ndi chidutswa cha bomba pa nthawi ya nkhondo. Atachira, kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ake kanasintha, moti anthu a ku Oslo ankamuyesa Mjeremani, ndipo ena ankakana kumugulitsa zinthu chifukwa dzikolo linali m'manja mwa Ajeremani. Dokotala wa ubongo Georg Herman Monrad-Krohn analemba za mayiyu mu 1947. Mayiyo sanatengere Chijeremani kwa aliyense. Ubongo wake unasokoneza kayendetsedwe ka mawu, ndipo makutu a anthu ndi amene anapatsa kusokonekerako dzina la mtundu wa anthu.

Choncho mukamva mwana akulankhula mwachilendo, choyamba mverani anthu amene akumulera ndi ana amene amasewera nawo. Ngati onse amati sikomo kapena pfupa, mwanayo akungolankhula za kwawo. Ngati ndi yekhayo m'nyumba monse amene b wake akumveka ngati m, amene kampweya kamatuluka m'mphuno akamati "sukulu", amene ali khanda mkaka unkabwerera m'mphuno, musamukalipire kuti atsegule kukamwa, ndipo musadikire kuti akula nazo zitha. Tengani kagalasi, mumuuze anene "Atate apita kukasaka," ndipo galasilo likachita nthunzi pitani naye kuchipatala akamuone kumwamba kwa m'kamwa.